Chimene Chinadya Aphunzitsi Uladi

Malemu Bambo Kingstone Uladi, amene agona patsogolo pathupa, anabadwa pa 9 Juni 1947 kuno ku Lungwena. Anali achiwiri m'banja la ana asanu. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Mustapha, wopondana nawo. Ndikupempha mafumu, azibusa, mashehe ndi anamalira nonse kuti mundipirire, pakuti pepala limene banja linandipatsa ndalisintha malo angapo.

Mu 1955 anayamba sukulu ya mishoni ku Malindi, kumene anabatizidwa n'kulandira dzina la Kingstone. Bambo athu ankafuna kuti adzakhale msodzi, koma achimwene, kuyambira ali mnyamata, ankadandaula kuti pamtima pakuwotcha. Ife tinkawaseka kuti akuthawa kukoka khoka.

Mu 1969 anamaliza maphunziro a uphunzitsi, ndipo anayamba ntchito ku Nkope. Mu 1972 anakwatira Mayi Lizzie, amene anabereka nawo ana awiri, Arthur ndi Deborah. Mayi Lizzie anatisiya mu 1984. Zaka zonsezi malemu sankayenda opanda kapaketi ka soda m'thumba la malaya. Mimba ikayamba kuwotcha ankanyambita pang'ono, ndipo ana asukulu, poona milomo yoyera mbee, ankanong'onezana kuti aphunzitsi amadya choko.

Mu 1986 anawasamutsira ku Makanjira, nthawi imene anzathu a ku Mozambique ankatsika m'mapiri kuthawa nkhondo. Kalasi ya ana makumi asanu inasanduka ya ana opitirira zana, ena osamva Chichewa. Malemu sanabweze mwana ndi mmodzi yemwe. Anaphunzira Chipwitikizi chothyokathyoka, chimene eniake ankachiseka koma ankachimva. Kumeneko anakumana ndi Mayi Celestina Alberto, amene kwawo ku Niassa ankathandiza anamwino pachipatala nkhondo isanawathamangitse. Anakwatirana mu 1988, ndipo mu 1990 anabereka mwana wamkazi, Ines. Ndinene poyera kuti ife abale ukwatiwu sitinaukondwerere. Tinkati mkazi wopanda ankhoswe, wosadziwika kwawo, zikavuta adzamuyankhira ndani?

Mu Malichi 1993 matenda anakula. Malemu anayamba kuwonda, akadya mbamu ziwiri ankati akhuta. Alamu athu a Celestina anatitumizira uthenga kuti chimbudzi cha amuna awo chada ngati phula, kuti amenewo ndi magazi, ndipo tithandizane kupita nawo kuchipatala chachikulu. Ife tinapita kwa sing'anga. Iye anati aphunzitsi anadyetsedwa, ndipo wowadyetsa ndi amene amawapakulira. Pomwepo tinakumbukira tsabola wambiri amene alamu ankathira m'ndiwo, tinati eya, ndiye chobisira mankhwala chimenecho. Mu Disembala, ine ndemwe ndinakwera lole kukawatenga achimwene ku Makanjira. Ndinawaletsa alamu kugwiranso mbale kapena chikho chawo. Malemu anakana, anati mkazi wawo alibe chifukwa, koma ife tinati ndi mankhwalawo akuwayankhulitsa.

Miyezi isanu ndi iwiri tinawamwetsa mankhwala osanzitsa kuti zimene anadyetsedwazo zituluke. Tsiku limene anasanza zakuda ngati mwaye wosungunula m'madzi, achemwali athu analulutira, ndipo ine ndinagwira sing'anga chanza kumuthokoza. Anthuni, amenewo anali magazi a mbale wanga, ife n'kumaomba m'manja.

Mu Ogasiti 1994, atakomoka, tinapita nawo kuchipatala chachikulu ku Blantyre. Madokotala anawalowetsa kachingwe kounikira m'mimba, n'kudulako kanyama kukapima. Patapita masiku, dokotala mmodzi anandikhazika pansi n'kundifotokozera mwa Chichewa chomveka bwino. Anati m'chifu cha achimwene munali kachilombo kosaoneka ndi maso, kamene ambiri a ife tili nako kuyambira ubwana. M'chifu muli madzi aukali amene amapha tizilombo tina, koma aka kamadziwa kuwazimitsa ukali, kenako kamaboola n'kukabisala pakhoma la chifucho. Ndinafunsa kuti ngati ambiri tili nako, bwanji sitidwala tonse. Anati tizilomboti si tonse tofanana. Tina timangokhala phee mpaka munthu kukalamba, koma pali mtundu wina umene umatulutsa ululu wodya khoma lija pang'onopang'ono, ngati anankafumbwe m'nkhokwe. Poyamba zimakhala zilonda, ndipo mwa anthu ena, pakapita zaka zambiri, pamabuka khansa. Achimwene anali atafika pamenepo.

Ndinafunsanso ngati munthu angamudyetse mnzake zimenezi. Dokotala anapukusa mutu. Anati kachilomboka kayenera kuti kanawalowa ali mwana, mwina m'nyumba momwe tinakulira, zaka makumi ambiri asanaone nkhope ya mkazi wawo. Anati pali mankhwala okapha, ndipo tikanafika chimbudzi chitangoyamba kuda, mwina chotupacho akanachichotsa. Kenako anafunsa kuti anayamba kuona chizindikirocho ndani, ndipo tinachedwa kuti.

Pano ndi pamene pali tchimo langa lalikulu. Titabwerako, sindinauze munthu aliyense zimene ndinamva. Ndinangoti madokotala alephera. Ndinachita manyazi, chifukwa ndine ndinatsogolera mlandu wonse. Alamu anabwera kawiri kuchokera ku Makanjira, kamodzi wapansi theka la njira Ines ali kumsana, ndipo kawiri konse tinawabweza pachipata. Malemu ankafunsa tsiku ndi tsiku ngati Celestina wafika. Ine, wodziwa choonadi, ndinkawayankha kuti msewu ndi woipa. Pabanja tinali titagwirizana kale kuti malole obweza anthu ku Mozambique akadzafika, alamu akwere okha, mwana atsale ndi ife.

Malemu anatisiya Lolemba, pa 14 Novembala 1994, ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri. Anapita osawaonanso akazi awo.

Asiya ana atatu, Arthur, Deborah ndi Ines, mdzukulu mmodzi, ndi abale awo atatu. Apa ndi pamene pepala la banja linathera. Ine ndawonjezera ndi dzanja langa dzina limene linayenera kukhala loyamba: asiya akazi awo, Mayi Celestina Uladi. Chifikireni dzulo sitinawalole kulowa m'nyumba ya siwa, ndipo pano akhala kuseri kwa mpanda uko. Alamu, munanena zoona ife n'kukutchulani mfiti. Sindikukupemphani kuti mutikhululukire lero, zimenezo zili kwa inu. Koma ndikunena pamaso pa mafumu kuti Ines ndi wanu, ndipo kukhala kuno kapena kubwerera kwanu musankha nokha.

Tikuthokoza aphunzitsi anzawo a ku Nkope ndi ku Makanjira, a mpingo, abale athu a ku mzikiti, amayi amene akhala akuphika ndi kutunga madzi, ndiponso adzukulu amene akonza manda. Tikuthokozanso dokotala uja, amene anandiuza zoona ngakhale ine ndinazibisa. Ndipo inu nonse, mukaona mbale wanu akudalira soda chaka ndi chaka, musaseke monga tinasekera ife, pitani naye kuchipatala akamuone.

Adzukulu, ndikupempha kuti bokosi musalitseke kaye. Achemwali, dzukani, tiyeni tonse awiri tikawatenge alamu, adzaone nkhope ya amuna awo. Anawadikira miyezi khumi ndi umodzi, ife tingathe kudikira pang'ono.

Achimwene, pepani. Mzimu wanu uuse mumtendere.