Wilbroad Akupopa Tayala

Pa siteji ya basi pa Chama, mitambo itayamba kuda, mtsikana wofungatira kachikwama anatembenukira kwa mayi wina wosamudziwa.

"Amayi, basi iyi ikapita, ina kulibe mpaka mvula ithe?"

"Mitsinje ikadzaza idutsa pati? Ulendo wa kuti, mwanawe?"

"Ku Lundazi, kwa azakhali. Kapena sindipita. Kuli mnyamata, Wilbroad, amaphunzitsa ku Chikwa. Nyumba ya amayi anga anafolera ndi iyeyo, osatumidwa. Koma tsiku limene ndinamuchapira malaya, n'kumuuza kuti atumize munthu kwathu, anasowa mpaka chimanga chinauma."

"Ameneyo ali ndi wina."

"Bola akanakhala naye, ndikanadziwa wolimbana naye. Ndikamutaya, amabwera. Ndikamumwetulira, maso ali pa njinga yake."

"Akudziwa kuti ukuchoka?"

"Si uyo pansi pa mango, akupopa tayala? Ladzaza kalekale lija."

"Ndiye muyitane!"

"Ndikamuyitana, akwera n'kupita. Ndikakwera ine, mwina andithamangira. Manje amayi, ndichite chiyani?"

"Khala mpando wakumbuyo, uzimuona. Koma dziwa, mwanawe, dalaivala uyu saima kawiri."