Kabotolo kamene NyaManda sanatsegule

Malemu a Killion Kamanga anabadwa pa 9 Juni 1929 kuno ku Kande, m'banja la ada Obed Kamanga ndi ama NyaLongwe. Anali achisamba mwa ana asanu. Wowerenga mbiriyi ndine Zebron, mng'ono wawo. Ndikuiwerenga m'Chichewa chifukwa pakati pathu pali anzawo a kuesiteti ya labala ochokera ku Thyolo ndi ku Dedza, palinso akuluakulu a chipani a nthambi yathu, ndipo a banja tikufuna pasapezeke munthu wonena kuti sanamve.  M'pepalali muli zinthu zimene tazibisa zaka zoposa makumi awiri.

Tikudziwa zimene zikunong'onedwa pasiwa pano za alamu athu, mayi Prisca NyaManda. Akuti anawamana amuna awo mankhwala mpaka kufa. Tikudziwanso kuti nkhaniyi yafika kuchipani, ndipo Lachiwiri likudzali alamu athuwa aitanidwa. Sitikutsutsa kuitanako, akuluakulu akugwira ntchito yawo. Koma chilandirireni kalata yowaitanayo ana a malemu sanalawe kanthu chifukwa cha mantha, choncho tikupempha kuti muyambe mwamva mbiri yonse.

M'chaka cha 1937 malemu anayamba sukulu ku Bandawe, ndipo anamaliza Sitandade 6 mu 1945. Mutu unali wakuthwa, koma zikwapu zinkawapeza kawirikawiri chifukwa chotsanzira aphunzitsi, kayendedwe ndi katsokomoledwe komwe. Mu 1948 anapita ku Halale monga ankachitira anyamata ambiri a kuno, n'kulembedwa ntchito yoperekera zakudya pahotela. Mu 1952 mzungu wina wojambula bayisikopo anawaona akutsanzira bwana wa hotelayo, bwanayo atatembenuka. M'malo mowanenera, anawatenga kuti azisewera m'mafilimu. Anayamba ndi mafilimu ophunzitsa ulimi, aja ankayenda nawo pagalimoto n'kumaonetsa pansalu m'midzi.

Pa 16 Epulo 1955 anamanga ukwati woyera ndi mayi Prisca Manda a ku Chintheche, ndipo mu 1957 banja linasamukira ku Joni. Kumeneko malemu anasewera m'mafilimu asanu ndi awiri, pena ngati wakuba, pena wapolisi, kamodzi ngati m'busa. Luso lawo lalikulu linali kulira. Mzungu akangokweza dzanja, misozi inkatsika masaya onse awiri, akatsitsa dzanja iwo n'kupempha tiyi. Ife kuno tinkadzitama nazo kwambiri, osadziwa kuti luso lomwelo lidzatisautsa.

Pa 3 Ogasiti 1961, akujambula, anauzidwa kulumpha pasitima ya pamtunda ikuyenda. Anagwera pamiyala n'kuthyoka chiuno. Anagona m'chipatala miyezi inayi akubayidwa jekeseni wopha ululu. Fupa linapola, koma thupi linakana kusiyana ndi jekeseniyo. Anayamba kumagula mobisa n'kumadzibaya okha, kawiri patsiku, kenako kanayi. Anayamba kujomba kuntchito, mawu oloweza akuwathawa m'mutu, ndipo mu 1964 anachotsedwa. Mu 1966 alamu athu anabwera nawo kumudzi ataonda zoti mayi athu anawafunsa dzina. Tinkauza anthu kuti ndi chifuwa. Masiku amenewo munthu wochokera kunja ankafunsidwa mafunso ambiri, ndipo ife tinaopa kuwonjezera ena.

Inu amene munkawaseka kuti amavala malaya a manja aatali ngakhale mu Okutobala, mukumati ndi matama a ku Joni, lero mwadziwa chifukwa chake. Inunso amene mwasambitsa thupi m'mawa uno n'kuona zipsera m'mikono, zimenezo si mphini zotemedwa ndi mkazi ayi. Ndi mabala a singano, ndipo anadzibaya okha.

Mankhwala amene anabwera nawo atatha, malemu anayamba kuyenda m'zipatala. Ankafika n'kudzigubuduza pansi, misozi chuchuchu, anamwino n'kuwamvera chisoni. Ndani akanawakaniza? Mu Meyi 1967 NyaManda anawakweza sitima n'kupita nawo ku Ruarwe kwa amalume awo, kumene kulibe msewu, kumbuyo phiri, kutsogolo madzi. Ine ndinapita nawo. Malemu anapempha okha kuti tiwamange pabedi ndi chingwe cha khoka. Ndinaona achimwene anga akusanza, akunjenjemera, akukuwa kuti mafupa akudyedwa ndi linthumbwi, ndipo mpaka lero ndikamva bedi likulira mtima umandidumpha.

Tsiku lachisanu anakhala bata. Analankhula mofatsa, akulira, kuti achira ndipo akungofuna kukasamba. NyaManda anawamasula. Tinakawagwira padoko akunyengerera msodzi kuti awaolotse pabwato, akuti mwana wawo wamwalira ku Usisya, ndipo msodziyo anali kulira nawo. Tinawamanganso. Patapita miyezi itatu anabwera kuno ali munthu. Asanakwere sitima anawagwira dzanja akazi awo, ine ndili pomwepo, nati: "NyaManda, kulira ndi ntchito yanga. Tsiku limene ndidzakupempheninso mankhwala amenewa, ndilire bwanji, musadzandikhulupirire. Lumbirani." Alamu athu analumbira.

Kuyambira pamenepo malemu sanabwererenso m'mbuyo. Mu 1969 analembedwa ukalaliki kuesiteti ya labala, ntchito imene anaigwira zaka khumi ndi zitatu. Mu 1974 anasewera m'kafilimu kochenjeza za kolera, kamene ambiri a inu munakaonera pabwalo la sukulu ku Tukombo. Mu 1976 anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo. Pa Khirisimasi aliyense ankasewera Herode, ndipo ena mwakhala apanu munkathawira kunja kwa tchalitchi muli ana, musakane. Koma munthu woopseza anayu iye mwini ankaopa. Akadutsa pachipatala ankayang'ana kumbali. Dzino anazulitsa chosabaya.

Mu Febuluwale chaka chino cha 1983 anayamba kudandaula msana. Mu Juni madokotala anapeza khansa ya m'mafupa, nanena kuti yafalikira kale. Anafuna kuwabaya jekeseni wopha ululu. Malemu atafunsa dzina la mankhwalawo n'kulimva, thukuta linawatuluka, napempha kuti atulutsidwe tsiku lomwelo. Adokotala anachita mbali yawo, anawapatsa alamu athu kabotolo ka mapiritsi a mtundu womwewo kuti zikafika povuta awamwetse. Ali m'basi malemu anawakumbutsa lumbiro la ku Ruarwe. Anati imfa sakuiopa, chimene akuopa ndi kufa ali munthu uja tinamumanga pabedi.

Zimene zinatsatira munazimva nokha. Amayi otsuka chinangwa kudambo ankamva. Oyanika usipa pathandala ankamva. Masabata asanu ndi limodzi munthu akukuwa dzuwa likuswa mtengo, "Prisca, ndipatseni! Limodzi lokha! Mukundipha!" Ndipo munkamva alamu athu akuyankha kuti, "Ayi, ada." Zimenezo sitikukana. Ine amene ndaima pano ndinawagwadira alamu athu kuti atsegule kabotoloko, chifukwa ulendo uno misozi ija sinali yosewera, ndipo tonse tinkadziwa. Atakana ndinathawa, masiku anayi osaponda pakhomopo. Abale tonse tinathawa. Amene anatsala akuwatembenuza, akuwapukuta, akutukwanidwa ndi munthu amene sanawatukwanepo, ndi mayi amene mukuwaloza chalawa. Kaya anachita bwino, Chiuta ndiye adziwa. Chimene ndikudziwa ine n'chakuti anachita zimene analumbira.

Loweruka pa 17 Sepitembala, cha m'ma 10 koloko m'mawa, malemu anakhala bata. Anapempha kuti aone kabotolo kaja. Alamu athu anazengereza, poopa kuti mwina ndi zija za ku Ruarwe, koma anawaonetsa ali chapatali. Malemu anayang'anitsitsa chivindikiro, naona kuti chidakali chomata monga chinachokera kuchipatala. Anathokoza nati, "Yewu, NyaManda." Sanalankhulenso. Anatisiya cha m'ma 2 koloko masana, ali ndi zaka 54.

Kabotoloko ndi aka taika pamwamba pa bokosi. Adzukulu asananyamule, aliyense wokayika abwere adzagwire chivindikiro. Tikupempha a tcheyamani a chipani kuti mwambo ukatha akatenge, kuti Lachiwiri kakalankhule m'malo mwa mayi amene alibenso mawu.

Malemu asiya mkazi wawo, mayi Prisca NyaManda, amene ife akuchimuna tikunena poyera kuti akhala panyumba yawo ndi minda yawo. Asiya ana atatu, a Sydney amene akuphunzitsa ku Mpamba, a Loyce ndi a Margaret, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, alongo awo a Joyce, ndi ine. Tikuthokoza mpingo, amayi a umanyano amene ena mumati a mvano, akuluakulu a chipani, anzawo a kuesiteti amene apala bokosi, ndi abale a ku Ruarwe amene abwera pabwato, amene anasunga chinsinsi chathu zaka zonsezi.

Achimwene, ada Kamanga, mwawoloka muli mfulu monga munafunira. Mukafika uko mukapinde manja a malaya anuwo, palibenso chobisa. Mzimu wanu uuse mumtendere.