Chipinda Chimene a Tcheya Anatseka

— Halo?

— …ndikukuuzani madala, ine mowa ndikafuna kusiya ndimangosiya. Chaka chino chokha ndausiya kanayi, popanda wondigwira dzanja.

— Halo? A Tcheya, foni yalowa kale. Kanayi konseko ndamva.

— Aa, alamu! Ndimacheza ndi alonda apa. Mwaswera bwanji?

— Ndaswera, kaya inu?

— Bwinobwino. Ana? Zowotcherera zikuyenda?

— Ana ali bwino, magetsi ndiwo akudwala. Nanga achemwali anga ali bwanji kumeneko?

— Ali… ndikuganiza ali bwino.

— Mukuganiza?

— Netiweki, alamu. Mukumveka patali. Tamverani, mayunitsi ndi ochepa. Paja gulu lanu lija likadalipo?

— Gulu liti?

— La Lachinayi lija. La anthu osiya zakumwa.

— Oo. M'kalata yotithamangitsa ku holo ija simunalembe choncho. Munalemba kuti zidakwa zonunkhitsa makatani.

— Inali komiti imeneyo.

— Siginecha inali yanu. Ndi chidindo, kawiri.

— Zakale izo. Nkhani ndi yakuti pali munthu wina, wolemekezeka ndithu, akufuna kudziwa kumene mumakumana.

— Wolemekezekayo, mkazi wake akugona kwathu kuno chiyambire Lolemba?

— …

— Halo? Netiweki yathawanso?

— Ndilipo. Akudya koma?

— Pang'ono. Akuti sabwerera mpaka amve kwa ine, osati kwa inu, kuti mwakhala nafe pansi.

— Ndayesa, alamu, musaone ngati ndangokhala. Pafoni pano akundionetsa magulu akutali, ulendo wa maminibasi atatu. Ndinapita ku chipatala, ndinavala tayi. Nesi, kamwana koti ndingakabereke, anangondilozera pepala pakhoma. Nambala yake siikupezeka. Ndiye ndinawerenga m'munsimo kuti amakumana kuti.

— Pati?

— Ku holo. Chipinda chakumbuyo. Lachinayi, thu koloko.

— Ee, pepala lathu lakale. Palibe analichotsa.

— Ndiye ndili pano. Ndaima pakhomo pomwepo, ndikuyang'ana loko amene ndinagula ndekha. Wamphamvu, alamu. Ndinasankha wabwino.

— Tatsegulani, si kiyi muli naye?

— Anandilanda.

— Ndani angalande a Tcheya kiyi?

— Komiti. Loweruka kunali ukwati, anthu a zokongoletsa atafika ndi maluwa, ine kuti nditsegule, kiyi osalowa. Dzanja kumangovina lokha. Mpaka mayi a mkwatibwi anati, bambo, tapatseni kuno. Anthu onse akuona. Utcheya unathera pomwepo, dzina lokha ndi limene latsala.

— Pepani.

— Ndasuzumira pawindo. Mwadzaza mipando yothyoka. Bolodi lanu lija likadali pakhoma.

— Tinalimo anthu fotini mmenemo.

— Pano?

— Anayi. Adalaivala aja anabwerera ku botolo. Amayi ogulitsa makala sitidziwa kumene ali. Aphunzitsi tinawaika mwezi watha.

— Aphunzitsi aja? Ondilembera maminitsi aja?

— Omwewo. Anthu ankafika pa holo, kupeza loko, n'kubwerera. Ena sanafunsenso.

— Ine… sindinkadziwa.

— Simunafunse.

— Ndiye mumakumana kuti tsopano?

— Kushedi kwanga kuno, magetsi akazima. Timakhalira mageti a anthu. Akayaka, msonkhano watha, phokoso silola. Lero azima, tonse tili pano.

— Akumva?

— Ayi. Koma ndikufuna amve. Ine ndinu alamu anga, ndingakulandireni mawa ndi mawa. Awa muli nawo mawu. Ndikuika pa sipika.

— Dikirani kaye! Ndikonzekere. Nkhani ngati izi zimafuna kalata…

— Kalata munalemba kale. Yankhulani, akumva. Pali amakaniki, atelala, ndi agogo a mabatire.

— Ehem. Abale ndi alongo, poyamba ndithokoze chifukwa cha mwayi uwu, m'malo mwa…

— A Tcheya. Mayunitsi.

— Chabwino. Ndine uja ndinakutsekerani chipinda. Makatani sankanunkha. Ndinkaopa kudutsa pakhomo panu, chifukwa zimene munkanena mmenemo zinali zanga. Botolo langa linkakhala m'kabati ya chidindo, kuseri kwa khoma lomwelo. Ndinalakwa. Za aphunzitsi sindidziwa ndinene chiyani. Pepani. Basi.

— …

— Halo? Ati bwanji?

— Atelala akuti amva. Amakaniki asuntha, pageti pawo pali malo. Agogo akufunsa ngati mungabweretseko mpando umodzi wothyoka, tiuwotcherere.

— Ndilibe kiyi, alamu.

— Akudziwa. Akukusekani. Ndiye kuti mwalandiridwa.

— Kodi zimathekadi? Kusiyako?

— Sindikudziwa. Ine ndatha zaka zisanu osamwa, ndipo m'mawa uno ndimaufunabe. Bwerani magetsi asanayake.

— Pali vuto lina. M'thumba la jekete muno muli kabotolo. Katheka.

— Theka linalo lili kuti?

— Mukufunsiranji zodziwa kale?

— Bwerani choncho. Musavule tayi, musatafune chingamu, tonse tinayesa zimenezo. Mukatsika pa sitolo ya matayala, mukhotere kumanzere, mukaona…

— Alamu, kamayi ka mufoni kayamba kuyankhula, akuti yatsala miniti. Achemwali anu muwauze kuti…

— Ndiwauza mukafika. Mwamva? Kumanzere!

— Kumanzere. Koma miyendoyi, alamu, pa kona paja pali bala, ndipo amandidziwa dzi…

— Musaime! Yendani pakati pa msewu! Halo? A Tcheya? Halo?