Batani Losaoneka pa Chipatala cha Maso

Pamzere wa pa chipatala cha maso, mayi wina wachikulire ankangokanda foni yake, ataiyandikiza pamphuno. Kumbuyo kwake kunaima bambo wa magalasi, kabuku kali m'manja.

"Amayi, bwanji osalembetsa pa intaneti? Tsamba la chipatala lilipo."

"Ndalimbana nalo kuyambira Lolemba, bambo. Kulembetsa opaleshoni atseka lero masana, ndipo diso limene latsalali layamba chifunga. Ndikaphonya, mpaka chaka chamawa."

"Chikuvuta n'chiyani kwenikweni?"

"Zilembo zake ngati nyerere, zotuwa pamalo poyera. Ndikamaliza kulemba dzina, akuti nthawi yatha, yambiraninso. Kenako akuti sankhani zithunzi za mabasi. Ine ndikanamaona mabasi pa kafoni aka, ndikanadzatani kuno?"

"Koma batani lokulitsira zilembo lilipo, pamwamba chakumanja."

"Mwadziwa bwanji inu?"

"Tsambalo ndinakonza ndine, amayi. Andituma kuti ndidzaone chifukwa chake mzerewu sukutha."

"Ohoo! Ndiye mwabwera bwino. Vulani magalasi anuwo, nayi foni, mundipezere batani lanulo."

"Lili apa... ayi, dikirani kaye. Linali chapomwepa."

"Fulumirani, bambo, wapazenera uja wayamba kuyang'ana wotchi."

"Sindikuliona, amayi."

"Eya. Valani magalasi anu mundilembetse msanga. Mukatha mupite kwa achikulire ali ndi ndodo yoyera awo. Iwo ngakhale nyerere zanuzo saziona."