Mukakapeza Munga

Pa siteji ya basi ku Kiel, m'mawa wa kamvula kowaza, Wiebke anali atakumbatira thumba lake la mipeni, maso ali kumsewu. Bambo wina wachikulire wovala taye anayang'ana thumbalo n'kumwetulira.

"Mipeni yonseyi, mwanangu, mukukapha ndani?"

"Wokafa ndine, bambo. Lero ndi mayeso anga omaliza a zophikaphika."

"Nanga mantha n'ngachiyani? Si mwaiphunzira ntchitoyo?"

"Kuphunzira kwake kuti! Kuhotela komwe ndimaphunzirira, nsomba zimabwera m'mapaketi, zochotsa kale minga. Yanga n'kung'amba paketi n'kuponya m'mafuta. Lero akandipatsa yathunthu, yamutu, ikundiyang'ana."

"Abwana anu sanakuonetseniko?"

"Ankangoti mawa, mawa. Ndinagula ziwiri kumsika kuti ndiyeserere. Yoyamba inasanduka phala. Yachiwiri mayi anga anatsamwa nayo."

"Ali bwanji pano?"

"Ali bwino, koma nsomba aileka."

"Nanga zikapanda kuyenda lero?"

"Ntchito yomwe andilonjeza m'khitchini ya pasitima ipita kwa wina. Choopsa n'chakuti amaitana alendo enieni kuti adzadye, oyesa ataima pambali. Kamunga kamodzi m'kamwa mwa mlendo, ndathera pompo."

"Mayesowo ndi a kusukulu ya pafupi ndi doko ija?"

"Eya. Mwadziwa bwanji?"

"Taye uyu sindivala wamba. Ndine mmodzi mwa alendowo."

"Mayo ine! Bambo, chonde, mukakapeza munga..."

"Ndikaumeza, mwanangu. Koma ukhale umodzi."