Tikukaona Ndani ku Costa Rica?

Dalton anawakonzera makolo ake, a Vitalis ndi a Marjorie a ku Nkolokosa, ulendo wa ku Costa Rica, dziko la nkhalango zowirira. Matikiti anayenera kutsimikizidwa tsiku lomwelo, ndipo a Marjorie, amene ndege ankangoiona ikudutsa iwo akuyanika zovala, mtima unali m'mwamba poti amuna awo, mkulu wa mpingo wamakani ngati chitsa, anali asanavomere.

"Mwanayu watumiza malangizo," anatero a Marjorie, foni ili m'manja. "Akuti tinyamule majombo ndi majekete a mvula."

"Kuli maliro?"

"Ayi."

"Ukwati?"

"Ayinso."

A Vitalis anavula magalasi. "Nanga tikukaona ndani?"

"Mitengo, bambo a Dalton. Mbalame, achule."

"Achule! Mayi a Dalton, Lamulungu ndikaime kutsogolo kwa mpingo, nditavala jekete, n'kunena kuti abale, ndatsanzika, ndikukaona achule?"

"Akuti ndi obiriwira, maso ofiira."

"Olo akhale ndi tayi! Munthu amayenda ulendo kukaona munthu. Chabwino, eni nkhalangoyo tiwatengera chiyani? Shuga?"

A Marjorie anafufuza pafoni mwachidwi. "Akuti osapatsa nyama chakudya chilichonse."

"Mwaona? Tikafike kwa eni ake chimanjamanja ngati akuba."

"Akutinso tizikayankhula motsitsa."

"Ngati akuba ndithu! Sindipita. Muuzeni abweze matikitiwo."

Apa a Marjorie misozi inalengeza. Masutikesi anali atabwereka kale kwa a Ellen a kwayala, ndipo a Ellen pakamwa sipatsekeka: Nkolokosa yense ankadziwa za ulendowu. Anangopitiriza kuwerenga poti analibe china chochita.

"Akuti kulinso kanyama kena kokhala mumtengo. Kuti tikaone, tizikayang'ana m'mwamba modekha, chifukwa kamangogona."

"Usiku?"

"Ndi masana omwe."

"Osadzuka?"

"Kamadzuka, koma kutambasula mkono kokha ndi ntchito. Pansi kamatsika mwina kamodzi pa sabata."

A Vitalis anakhala tsonga. "Kudya kamadya?"

"Timasamba basi. Akuti mpaka ndere zimamera pamsana."

"Ndere! Pamsana! Kalibe abale okasambitsa?"

"Akuti kamakhala kokha."

"Aaa, mayi inu!" A Vitalis anaimirira, n'kuomba m'manja kamodzi. "Mwandizungulitsa ndi achule nthawi yonseyi, bwanji osangonena kuti kuli matenda?"

A Marjorie akanakhala mayi wochenjera akanangoti zii n'kuyamba kulongedza. Koma iwo chibadwire bodza amaliopa kuposa njoka.

"Sikakudwala ayi, bambo. Akuti ndi mmene kanabadwira."

"Chibadwire kali chigonere?"

"Eee, koma..."

"Ndiye anthu amakwera ndege, kukafika pamenepo, kujambula zithunzi, n'kubwerako?"

"Ndi zimene amapitira."

"Popanda ndi mmodzi yemwe woti tiyeni titseke maso?"

A Marjorie anayang'ananso pafoni, kutsika nayo mpaka pansi. "Za pemphero sanalembe."

A Vitalis anapukusa mutu, chisoni chitawagwira chenicheni. Anatenga buku la nyimbo pamwamba pa wailesi, n'kuliponya musutikesi ya a Ellen.

"Muimbireni Dalton atsimikize matikitiwo. Ndipo inu mayi a Dalton mundichititsa manyazi: wodwala ali gone mumtengo, inu mukuti tikaone achule?"