Anakangaude ndi Ukwati Womwe Mabuku Anathetsa

Malemu anabadwa pa 9 Okutobala 1958, achiwiri m'banja la ana asanu. Ndaima panone ndine mlongo wawo wamng'ono.

Sukulu anayamba mu 1965. Anzawo akamathawa kangaude, iwo ankagwada n'kumamuwerenga maso, mpaka kunyumba tinawapatsa dzina loti Anakangaude. Atamaliza maphunziro a zamoyo ku yunivesite mu 1982, analembedwa ntchito kunyumba yosungiramo zachilengedwe, m'chipinda cha mabotolo okhaokha.

Ankafufuza akangaude alenje, aakulu aphwatalala aja mumawapeza kuseri kwa kabati. Miyendo yawo imatambalala cham'mbali ngati ya nkhanu, maso alipo asanu ndi atatu m'mizere iwiri, ndipo satchera ukonde. Mphemvu amachita kuithamangitsa.

Mu 1986 anakwatiwa ndi alamu athuwa, atelala, anthu oti akaona kangaude ankakwera pampando. Mmene anamvanirana, ife mpaka lero sitidziwa.

Nkhani inawazunguza mutu zaka zambiri ndi iyi: mabuku ankati kangaude wamkulu wabulauni ndi wina wotuwa woonda ndi mitundu iwiri. Malemu ankakana, amvekere amenewa ndi mkazi ndi mwamuna wake, anthu anangowathetsera ukwati papepala. Kuti apeze umboni, ankayenera kulera ana a mayi mmodzi mpaka akule.

Mu Januwale chaka chino matenda a impso anawagoneka m'chipatala, tiana ta kangaude tomwe ankalera m'mabotolo tisanakhwime. Za ululu sankadandaula. Ankangoda nkhawa kuti tianato tifa ndi njala. Alamu anayamba kutseka shopu masana, n'kumasaka ntchentche, kutsegula mabotolo n'kumatidyetsa tianato.

Sabata yatha tianato tinafundula komaliza. Ena anatuluka abulauni, ena otuwa, onse a mayi mmodzi. Alamu anakulunga mabotolo awiri m'nsalu n'kuwazembetsera mu wodi. Malemu anayang'anitsitsa, kenako anaseka, n'kunena kuti amuna awowo afanana ndi wotuwayo kuonda. Anatisiya pa 14 Juni, akudziwa kuti analondola.

Asiya amuna awo, ana atatu ndi zidzukulu zinayi. Tikuthokoza manesi omwe anayang'ana kumbali tsiku lija, anzawo akuntchito omwe alonjeza kusindikiza zomwe anapeza, ndi nonse mwabwera kudzatikhuza.

Mitima ikutiwawa, sitibisa, koma anapita akuseka. Achemwali, ntchito yanu munaimaliza. Usani mumtendere.